Amalume Ako Amakhotera pa Mpopi

Matero, Lachisanu madzulo

Thoko mwana wanga,

Wapita kukatsanzikana ndi anzako a kwaya, ndipo m'nyumba muno mwangoti zii. Sutikesi yako ili pakhomo la kuchipinda, yomanga ndi lamba wa malemu atate ako chifukwa zipi yakana. Ndakhala pakhonde, mphepo ya Ogasiti ikundithira fumbi papepala, ndikulemba zimene pakamwa pandikanika kunena. Umandidziwa: ndikangoyamba nkhani ya amalume ako a Lameki, iwe umayang'ana kukhoma, ine mawu nkundithawa. Papepala sungandidule. Kalatayi ndiyika pa pilo wako. Uiwerenge lero lomwe, usadikire m'ndege, chifukwa muli kanthu kamene m'ndege kadzakhala katachedwa.

Mawa ukupita ku Amereka, ku koleji imene yakuitana chifukwa cha miyendo yako. Agogo ako aamuna anachoka ku Dedza wapansi kufunafuna ntchito ya kumigodi, nkuthera muno mu Lusaka ndi mapazi ong'ambika. Ndikamakuona ukuthamanga ndimati miyendo ija sinatope, yangosintha mwini. Ndikunyadira, mwanawe. Juzi yofiirira ija uzivala ngakhale ukuti ndi ya azigogo, upeze tchalitchi, uzilemba makalata. Izi ndanena kale kambirimbiri, sindibwereza.

Ndiyambe ndi kukuuza kuti kathumba ka mankhwala kamene anakulongedzera azakhali ako ndakatulutsa mu sutikesi. Usawauze. Munali mapilisi a mutu, a m'mimba, a magazi, ena okutira m'nyuzipepala opanda dzina. Uli wakhanda unadwala chifuwa chimene chinkakulepheretsa kuyamwa. Bana Mulenga, aneba athu a kuseriwa, anandipatsira kapilisi pamwamba pa mpanda. "Mupatseni aka kofiira na koyera, bana Thoko. Kanapoletsa amuna anga, ba shi Mulenga, iwo chifuwa chinali cha ng'ombe." Ndinakanyema, ndinakupatsa. Unagona tulo tosadzutsika, khosi lili lende ngati la nkhuku yozinga. Ndinathamanga nawe ku kiliniki ndili wopanda nsapato. Namwino anandifunsa dzina la mankhwalawo, ine ndinati, "Kofiira ndi koyera." Anandiyang'ana, ndipo maso akewo sindinawaiwale.

Ndife anthu otero, Thoko. Chikondi chathu timachionetsa ndi mapilisi. Munthu akati mutu, manja asanu apisa kale m'matumba. Chiyambireni kutsegulidwa kwa malonda, mankhwala akugulitsidwa pamsika pafupi ndi tomato ndi salaula, zovala za kaunjika, ndipo timawadziwa ndi mtundu, osati dzina. Kumene ukupitako adzakuyeza mkodzo, ndipo sadzafunsa kuti anakupatsa ndani kapena ankakukonda bwanji. Ukumbukire: kanthu kalikonse kolowa m'thupi mwako, ufunse dzina lake, ulione lolembedwa. Ngakhale wokupatsayo akumwetulira. Ngakhale wokupatsayo ndine.

Tsopano za Lameki. Kwa iwe ndi amalume, kwa ine ndi kamlongo kanga kamene ndinakabereka kumbuyo amayi ali kumsika. Unali wamng'ono pamene tonse awiri tinkagwira ntchito ku kampani ya boma ija, ine ndikutayipa makalata, iye wolembedwa ngati kalaliki wa m'sitolo. Ukalaliki wake unali wa dzina chabe. Masiku amenewo makampani ankasunga othamanga ndi osewera mpira, ndipo Lameki ankati akasainira m'mawa, masana ali pabwalo. Kampani itagulitsidwa, eni atsopano anati sanagule miyendo ya munthu. Ine ndinayamba kugulitsa salaula, iye anatengedwa ndi bambo wina wopezera anthu mipikisano ya m'misewu ku Ulaya. Kumeneko bondo linayamba kumuvuta, ndipo bamboyo anayamba kumubaya majakisoni amene ankawatcha mavitamini. Anamuyeza, anamupeza ndi mankhwala oletsedwa, anamuletsa mipikisano kwa zaka. Dzina lake tinalimva pa wailesi tikudya.

Atabwera ndi kachikwama kake kamodzi, ndinamutengera kuseri kwa nyumba nkumufunsa, "Lameki, unkadziwa?" Anatokosa pansi ndi chala cha phazi. "Poyamba sininadziwe, ba Sisi. Pambuyo pake ninadziwa. Bondo inaleka kuwawa, mapiri yanakhala monga pansi. Ninadziwa, koma sininafunse." Ndikukuuza izi kuti usaganize kuti ndikumuyeretsa. Anaba, ndipo amene anawabera ndi anthu amene sitidzawaona, amene anafika pambuyo pake ndi miyendo yawoyawo.

Ndikudziwanso zimene zinakugwera iwe. Anakuphunzitsa kuthamanga ndi iyeyo, ndipo Matero yonse imadziwa. Tsiku limene unapambana mpikisano wa masukulu, anyamata okhala pampanda ankakuwa, "Mapilisi! Mapilisi ya ba malume!" Unabwera kunyumba osalira, unatsitsa chithunzi chake pakhoma, nkuchiika chozondotsa pansi pa matiresi anga. Kuyambira tsiku limenelo sunawapatse moni amalume ako. Ukawaona pachipata, umatulukira khomo la kuseri.

Gulu lathu la Loweruka ukulidziwa, koma ndilifotokoze mmene ndimalionera ine, chifukwa mwina kumeneko udzaliiwala. Silinalembetsedwe kulikonse. Ndi ba Zulu ometa tsitsi ndi wezulo wawo, ba Tembo omanga nyumba, aphunzitsi awiri, anyamata a pa siteshoni ya minibasi, ndi aliyense amene wadzuka. Amayambira pabwalo la kuseri kwa msika, kuzungulira komboni, nkubwerera pomwepo. Manambala ndimalemba ndine pa tizidutswa ta saka ya ufa, nkuwamanga pachifuwa ndi mapini. Chingwe chomalizira ndi nsanza za zitenje zanga zakale zolumikizalumikiza. Ine ndimagwira mbali ino, bana Mulenga mbali inayo. Loweruka lomaliza la mwezi wopambana amatenga tambala. Ndi zokhazo. Koma ndaona amuna akuluakulu akulira pa chingwe chimenechi.

Kulakwa kwanga koyamba kunali pa nambala. Patapita miyezi ingapo chibwerereni, Lameki anafika pabwalo mbandakucha, ataonda, atavala kabudula wake wa ku Ulaya. "Ba Sisi, nipatseniko nambala. Nifuna chabe kuthamanga." Mtima wanga unasungunuka. Sindinafunse ba Zulu, sindinafunse aliyense. Ndinamumanga nambala pachifuwa ndi manja anga, ndikudziuza kuti chiletso chija ndi cha kumabwalo akuluakulu, kuno ndi kwathu, ndipo mphotho yake ndi tambala.

Ndinali nditaiwala Kelivini. Ukumudziwa, ngwangwazi wamtali uja woitanira anthu pa siteshoni. Nyengo yonse yozizira ankadzuka minibasi zisanayambe, kuthamanga yekha atavala nsapato za salaula zosiyana. Loweruka limenelo kunabwera bambo wina wa timu ya asilikali kudzaona ngati m'komboni muli mnyamata woti nkumutenga, ndipo tonse tinkadziwa kuti wabwera chifukwa cha Kelivini. Lameki anamusiya kutali. Anadula chingwe changa akupuma ngati munthu wochokera kogula buledi. Mlendo uja anamuzindikira, anacheza naye za ku Ulaya akuseka, kenako anayang'ana wotchi nkukwera galimoto. Dzina la Kelivini sanalifunse.

Kelivini anafika wachiwiri. Anawerama, manja pa mawondo, kenako anadzutsa mutu nkundiyang'ana. "Ba mayo, ise tithamanga na tiyi na chitumbuwa chabe." Anavula nambala yake, anaipinda bwinobwino, nkundipatsa m'manja. Thoko, chifundo changa ndinachilipira ndi mwayi wa mwana wa eni. Ndinaona mlongo wanga yekha, osaona amene anaima kumbuyo kwake. Ukumbukire zimenezi: usanachitire munthu chifundo pa mzere woyambira, uyang'ane amene achotsedwe malo.

Pa msonkhano wa gulu umene unachitika pambuyo pake pamthunzi wa ba Zulu iwe unalipo, koma unali wokwiya kwambiri moti sindikhulupirira kuti unamva zonse. Ba Zulu anati, makina ometera ali m'manja, "Manje mankhwala yanachoka kudala, kalekale, mu thupi. Tizamuyopa mpaka liti?" Ba Tembo anapukusa mutu. "Mudala, ine nimanga manyumba. Ukamanga na simenti yakuba, apolisi akatenga masaka, chipupa chikhala chilili. Miyendo ija inamangiwa kudala." Mnyamata wina wa ku Pentekosite anaimirira nkunena kuti Ambuye anakhululukira ngakhale wakuba pamtanda. Kelivini anamuyankha osatembenuka: "Bakhululukiwe ku chalichi, mwandi. Osati pa chingwe." Anthu anaseka, koma iye sankaseka. Kenako unaimirira iwe: "Ngati bazathamanga, ine sinizathamanga."

Apa ndi pamene ndinalakwa kachiwiri. Manyazi a nambala ija anali akundiotcha, ndipo ndinafuna kuti anthu aone kuti sindikondera. Ndinalankhula mouma kuposa onse. Ndinati Lameki asadzapondenso pabwalo lathu, kaya kuthamanga, kaya kuonerera. Palibe anapempha zimenezo, ngakhale ba Tembo. Koma poti wanena ndi mlongo wake, onse anangovomera. Ndinapita kunyumba ndikudziona wolungama.

Munthu amene wathamanga kuyambira ali mwana, ukamuchotsera m'mawa, sudziwa kuti wamuchotsera chiyani. Lameki anayamba kudzuka dzuwa lili pamutu. Anayamba kupezeka m'mabala a ku Mandevu, kumene anthu ankamugulira mowa kuti awasimbire za chipale chofewa cha ku Ulaya, kenako nkumuseka akatembenuka. Nkhope inatupa. Nsapato zake zothamangira ndinaziona kumapazi kwa munthu wina. Loweruka lina la nthawi ya mvula, ndikupita kubwalo ndi chingwe changa, ndinamupeza atakhala m'mphepete mwa ngalande kuseri kwa khoma la msika, pamene pali mng'alu woonera bwalo. Anali atanyowa. Sanabisale. Anati, "Ba Sisi, kuja bananiletsa mpikisano. Imwe mwaniletsa miyendo."

Ndinapitiriza ulendo wanga wa kubwalo. Ndinagwira chingwe tsiku limenelo osaona amene wapambana. Ukumbukire ichinso, mwanawe: chilango chimene ukupereka kuti anthu akuone bwino iwe, nthawi zambiri chimapitirira muyeso. Ndinamulanga Lameki chifukwa cha manyazi anga, osati chifukwa cha mlandu wake.

Njira anaipeza ndi Kelivini, osati ine. Anabwera pa tebulo langa la salaula, akunamizira kusankha malaya. "Ba mayo, kuchokera pamene banachoka ba Lameki, nilibe wonipirikitsa. Nithamanga monga nipita ku maliro. Babwere. Koma nambala iyayi, na chingwe basafikeko." Ba Zulu anavomera, ba Tembo anang'ung'udza, ndipo zinayamba choncho. Iwe sunaonepo, chifukwa unasunga mawu ako, unasiya kubwera Loweruka. Ndiye ndikuuze mmene zimakhalira.

Amalume ako amaima kumbuyo kwa onse, pachifuwa palibe kanthu. Wezulo akalira amawapitirira mmodzimmodzi mpaka kufika pa phewa la Kelivini, nkukhala pomwepo, kumulankhula: "Manja pansi, iwe. Pumira m'mimba. Usayang'ane atsikana." Amazungulira komboni yonse limodzi. Akafika pa mpopi waukulu uja wa pamphambano, pamene msewu umawongoka kulunjika kubwalo, Kelivini amapitirira, amalume ako amakhotera kumanzere, kulowa kanjira kopita kwawo. Azimayi a pamzere wa madzi amawakuwiza Loweruka lililonse, "Ba Lameki, mwasoba! Chingwe chili uko!" Iwo amakweza dzanja osacheuka. "Nasiya poto pamoto!" Ine ndili kubwalo ndimangomva phokoso la kusekako, nkudziwa kuti oyamba ali pafupi, ndikunge chingwe.

Usaganize kuti nkhaniyi inatha bwinobwino. Ba Tembo mpaka lero amati Kelivini akukokedwa ndi miyendo yakuba, ndipo kupambana kwake nkosayera kwenikweni. Mlendo wa asilikali uja sanabwerenso, Kelivini akadali kuitanira anthu pa siteshoni. Mowa amalume ako sanausiyiretu, koma Lachisanu sakhudza. Ndipo chiletso chija chikadzatha, akadzabwera kudzandipempha nambala, sindikudziwa kuti ndidzati chiyani. Usiku wina ndimati ndidzampatsa, chilango chili ndi polekezera. Usiku wina ndimamva mawu a ba Tembo a chipupa chija.

Chimene ndatsimikiza ndi chochepa, koma ndikupatsa chomwecho. Munthu amene anaba liwiro asatenge tambala wa anthu othamanga ndi tiyi, ngakhale mpikisanowo ndi wa m'fumbi, chifukwa kwa Kelivini fumbi limenelo ndiye bwalo lalikulu. Koma kuthamanga kwenikweniko, mapazi kugunda pansi m'mawa pakati pa anzako, si kwa opereka mamendulo kuti achotse, ndipo si kwa ine. Kumene ukupitako udzakumana nawo anthu otere. Wina adzakhala mnzako wa chipinda chimodzi. Mwina tsiku lina adzakufunsa maganizo ako pa msonkhano. Usafulumire ngati ine, kaya kutsegula, kaya kutseka. Ufunse amene ataye malo ake, ufunsenso chimene chitsale cha munthu winayo mukamuthamangitsa.

Ndikuuzenso chimene ndikuganiza kuti chili pansi pa mkwiyo wako, ndipo ukandikwiyira undikwiyire. Ukuopa kuti zili m'magazi. Ukuopa kuti tsiku lina bondo lako lidzawawa, maphunziro ako ali pa bondo limenelo, munthu womwetulira adzabwera ndi jakisoni, ndipo nawenso sudzafunsa. Nchifukwa chake sufuna kuwayang'ana amalume ako. Mwana wanga, tsiku limenelo likhoza kubwera ndithu. Likadzafika, ubwere kunyumba. Ubwere wopanda digiri, wopanda mendulo, wotsimphina. Ndidzakulandira pabwalo la ndege ndi nthungululu. Lameki sanauzidwe mawu amenewa ndi munthu aliyense. Tonse tinkangomulembera za denga lodontha ndi fizi ya ana, ine woyamba. Iwe ndakuuza, ndipo ndalemba kuti usadzati sunamve.

Lamulungu lapitali, pa phwando lako lotsanzika, amalume ako anabwera. Sunawaone chifukwa sanalowe. Anaima kuseri kwa mpanda ndi pepala la malalanje, amene unkawakonda ukamaliza kuthamanga uli kamtsikana, iwo akukusendera ndi chikhadabo. Ndinati alowe, anakana. Ndinati andipatse malalanjewo ndikupatse, anayamba kutambasula dzanja, kenako anabweza. "Iyayi, ba Sisi. Chochoka m'manja mwanga asadye. Banthu bangakambe." Anabwerera nawo. Chibwerereni ku Ulaya sanakupatsepo ngakhale kapu ya madzi, ndipo iwe umaganiza kuti ndi chifukwa choti umawathawa. Akukutchinjiriza m'njira yokhayo imene yawatsalira.

Sindikukupempha kuti unene kuti sanalakwe. Sindikukupempha kuti ubwezere chithunzi pakhoma. Maganizo ako a pa msonkhano paja ukhoza kupita nawo ku Amereka osasintha, ndipo ndidzawalemekeza, chifukwa amene anakuwizidwa pampanda ndiwe, si ine. Koma anthu opita kutali sabwera msanga, ndipo ndaona ambiri m'komboni muno akutsika ndege kudzapeza munthu amene ankati adzalankhula naye chaka chamawa ali kale kumanda. Kusiya kulankhulana muli m'komboni imodzi ndi kwina, Thoko. Mumakumanabe pamsika, mawa limakhalapo. Nyanja ikalowa pakati, kukhala chete kumauma.

Mawa ndi Loweruka. Chingwe ndasiyira mwana wa bana Mulenga, ine ndikuperekeza. Galimoto imene ba Zulu atipezera idzafika nthawi imene othamanga amakhala akubwerera, ndipo njira yotulukira kuno ndi imodzi, yodzera pamphambano paja. Amalume ako sanapemphe kupita nawo kubwalo la ndege. Dzulo anangondiuza kuti akakhota sadzalowa kanjira kawo, adzaima pa mpopi. "Nizaona chabe motoka ikapita, ba Sisi. Musamuuze." Ndakuuza.

Woyendetsa adzachepetsa liwiro pamenepo ngakhale osauzidwa, chifukwa cha ngalande. Ine ndidzakhala nawe kumbuyo. Sindidzakuyang'ana, sindidzanena kanthu. Ukafuna kuti galimoto iime, sufunika kulankhula, ungondigwira bondo, ine ndidzauza woyendetsa. Sufunikanso kukonza mawu oti ukawauze. "Amalume, napita" akwana. Ukapanda kundigwira, tidzadutsa, ndipo sindidzaitchulanso nkhaniyi, kaya pabwalo la ndege, kaya m'makalata. Udzakhalabe mwana wanga amene ndimamunyadira, chimodzimodzi.

Ndikumva mawu ako kumsewu, ukuseka ndi anzako, ndiye ndilekere pano. Ndidzakhala kudzanja lako lamanzere, mbali ya mpopi ndakusiyira iwe.

Ndine mayi wako wokukonda,
Esinati